Mlonda Wafula ndi Nyali Ziwiri za ku Ngong

Bwera nayo kuno foniyo, Yamikani, ndione bwino. Maso anga masiku ano amafuna kuwanyengerera. Eya, ndaona. Kanthu kowala kakugwedezeka, munthu akukuwa kumbuyo, basi. Ndiye mukuti imeneyi ndi mbale youluka ya zolengedwa za kudziko lina? Chikugwedezekacho ndi dzanja la wojambulayo, mwanawe. Koma musafulumire kumuseka, ana inu. Agogo anu amene mukuwaona akhala ndwii pampando pano anaitanitsapo asilikali chifukwa cha kanthu kotereka, ndipo munthu wosalakwa anagona m'chitokosi kawiri chifukwa cha iwo. Thoko, tatsitsa wailesiyo. Nkhani iyi sindinakuuzenipo chifukwa ilibe pondiyamikira.

Ndinapita ku Nairobi mu 1994. Inu mukamva Nairobi mumaganiza ndege, kudya m'mwamba, maola awiri wafika. Ife tinapita pa basi, ine, agogo anu aakazi ndi mayi anu Tadala ali ndi zaka zitatu. Kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Karonga, kuoloka Songwe, Mbeya, Dar es Salaam, Arusha, kenako Namanga. Masiku asanu, mapazi atatupa ngati mbatata. Kamba wathu anali chimanga chokazinga ndi chiponde cha m'botolo. Agogo anu aakaziwo ananyamulanso chikwatu cha mfutso wa nkhwani, poti anamva kuti kumeneko kulibe ndiwo zeni. Pachipata china wofufuza katundu anachinunkhiza, natiyang'ana, nachinunkhizanso, akuganiza kuti ndi chamba. Agogo anu anachita kumufotokozera kaphikidwe kake ndi manja, mpaka kusinja nsinjiro m'malere, munthu uja n'kutisiya akuseka.

Ntchito ndinaipeza ku bungwe lina la mpingo limene linkatumiza mankhwala ndi ndege zing'onozing'ono kumadera a nkhondo ndi chilala kumpoto. Ine ndinali wa pa wailesi ya uthenga. Osati yoimba nyimbo ngati ya Thokoyi. Chinali chibokosi chachitsulo chachikulu ngati kabati, chotentha, chosokosera ngati mvula ya pamalata, ndipo mkati mwa phokosomo unkafunika kutola mawu a woyendetsa ndege amene ali kutali kuchipululu. Khutu limeneli ndinaliphunzira ku positi ku Limbe, masiku a matelegalamu, pamene mawu aliwonse anali ndi mtengo wake ndipo uthenga wa maliro unkakwana m'mawu anayi. Inu mumatumizirana mauthenga zana pa tsiku osanena kanthu. Ife kalata ya buluu yopinda yokha ija inkatenga milungu itatu kuti ifike ku Ntcheu, ndiye unkayamba waganiza usanagwire cholembera.

Ofesi yathu inali ku Lang'ata, pafupi ndi bwalo la ndege la Wilson, ndipo nyumba yathu inali chakomweko. Ku Roysambu kumene msuweni wanu Mphatso akuchita lendi pa nyumba yosanja lero, nthawi imeneyo kunali miyala, mbuzi ndi mphepo. Ofesiyo inali ndi denga la simenti lafulati, pamene panali thanki ya madzi ndi waya wa wailesi yanga. Ukaima pamenepo unkaona ndege zikutera, mbali ina akadyansonga akuyenda m'nkhalango ya nyama, ndipo kumadzulo mapiri a Ngong atandandalika ngati mfundo za chibakera.

Mlonda wathu wa usiku anali bambo wina dzina lake Wafula, wochokera chakumalire a Uganda. Kumeneko mlonda amati askari, ndipo munthu wachikulire amamulemekeza kuti Mzee, choncho tonse tinkati Mzee Wafula. Anali wa zaka zopitirira makumi asanu, wamtali, wolankhula mosathamanga. Ankakhala ku Kibera ndi mkazi wake, amene tinkamutchula kuti Mama Nanjala potengera mwana wawo woyamba. Tsiku lililonse ankayenda pansi kubwera ku ntchito, n'kufika ola lathunthu nthawi yake isanakwane. Olalo tinkakhalira limodzi padenga, ine ndikudikira ndege yomaliza, tikumwa tiyi wa mkaka wowiritsira kumodzi ndi masamba, amene iwo amati chai. Ndi iyeyo anandiphunzitsa Chiswahili. Ankadziwa ndege iliyonse ndi kulira kwake. Ankati, "Bwana Chirwa, yanu ija ikubwera, koma injini yakumanzere ili ndi chifuwa."

Nditaona luso limeneli ndinamupatsa zinthu ziwiri. Choyamba, magalasi anga oonera patali amene ndinagula pa kaunjika kuti ndizionera nyama. Chachiwiri, kope la ana asukulu, kuti azilembamo nthawi imene ndege zathu zanyamuka ndi kutera, ine ndikatanganidwa pa wailesi ndizikopera m'buku langa. Ankalemba mosamala, manambala oongoka ngati mphunzitsi.

Mu Ogasiti 1998 bomba lalikulu linaphulika pakati pa tauni ndipo anthu ambiri anafa. Mzinda unasintha. Munthu akaiwala chikwama m'sitolo anthu ankathawa. Tayala likaphulika pamsewu amayi ankagwa pansi n'kuyamba kupemphera. M'maofesi onse oyandikana ndi bwalo la ndege anamata mapepala okhala ndi nambala ya foni, akuti mukaona chachilendo chilichonse imbani msanga. Onjezanipo kuti chaka cha 2000 chinali pafupi, alaliki a m'misewu akulengeza kutha kwa dziko. Mitima yathu inali m'mwamba kale maso asanaone kanthu.

Ndiye tsiku lina mu Febuluwale 1999, nyengo yotentha yopanda mtambo, dzuwa litangolowa, Mzee Wafula anaika kapu yake pansi.

"Bwana Chirwa, kodi lero mukudikira ndege ziwiri?"

"Ayi, Mzee, yathu yatera kale."

"Nanga izo?"

Pamwamba pa mapiri a Ngong panali nyali ziwiri zoyandikana, ina yowala kwambiri, ina yocheperako, ngati galimoto ikubwera m'mwamba. Nyenyezi zina zinali zisanatuluke. Tinadikira kuti tione kanyali kofiira kophethira kamene ndege iliyonse imakhala nako. Panalibe. Tinatchera khutu. Zii.

"Ndege siima malo amodzi," anatero Mzee Wafula. "Helikoputa imaima, koma imalira."

Ndinatenga magalasi aja. Manja anga ankanjenjemera, ndiye nyali zija zinayamba kuvina, ndendende ngati za mufoni yakoyi, Yamikani. Ndinaona zikupita kumanja, kumanzere, zikusintha mtundu. Patapita kanthawi zinaoneka kuti zatsikirako. Ndinati zikufuna kutera kuseri kwa phiri.

"Tiimbe foni," ndinatero.

"Tiyambe tadikira mawa, Bwana. Zikabweranso tidziwa kuti ndi za Mulungu. Za anthu sizibwera kawiri malo amodzi."

Sindinamumvere. Ndinatsika, n'kupukusa nambala ija pa foni yathu yakuda yozunguza ndi chala. Munthu woyankhayo anamvetsera, akulemba, kenako anati, "Dzina la amene waona?"

Apa ndi pamene pali mlandu wanga, ana inu, ndiye mumve bwino. M'kamphindi kameneko ndinaganiza zinthu ziwiri. Ndinaganiza kuti zikapezeka kuti n'zopanda pake, Amalawi anzanga kutchalitchi adzandiseka mpaka Khirisimasi. Ndinaganizanso kuti ndine mlendo wokhala ndi wailesi yamphamvu pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo chikalata changa chogwirira ntchito chinali ku boma kudikira chidindo. Ndiye ndinati, "Waona ndi mlonda wathu. Dzina lake Wafula." Langa sindinatchule.

M'mawa mwake, Mzee asanaweruke, inafika landirova yobiriwira. Munatsika asilikali atatu ndi kaputeni wa asilikali a ndege, mnyamata wa nkhope yosaseka koma waulemu. Mkulu wa ofesi yathu, mayi wachizungu, anali kumpoto sabata imeneyo. Kaputeniyo anali ndi pepala la mafunso ambirimbiri. Zinali mbali iti? Kutalika bwanji kuchokera pa phiri, zala zingati mukatambasula dzanja? Zinalira? Munamwa mowa? Mzee Wafula anayankha zonse ataima chilili, chipewa chili m'manja. Zikanathera pomwepo. Koma msilikali mmodzi analowa m'kanyumba ka pageti n'kutuluka atanyamula magalasi aja ndi kope lija.

Kaputeni anatsegula kope. Masamba ndi masamba a nthawi za ndege, tsiku ndi tsiku, miyezi isanu ndi itatu. Nkhope yake inasintha. Tangoganizani, miyezi yochepa chiphulikire bomba, mlonda wa ku Kibera ali ndi magalasi oonera patali ndi ndandanda wa ndege.

Anatembenukira kwa ine. "Bwana, zinthu izi mukuzidziwa?"

Kumeneko msilikali wamkulu amamuyankha kuti afande. Ndinati, "Zimakhala m'kanyumba kakeko, afande."

Bodza silinali bodza, koma choonadi sichinalinso choonadi. Mzee Wafula anandiyang'ana kamodzi kokha, osati mokwiya, koma ngati munthu amene waponda pamene amayesa pouma. Kenako anavala chipewa chake n'kukwera landirova.

Madzulo ake asilikali anabweranso ndi makina a miyendo itatu, n'kuwaimika padenga pathu. Nyali zija zinatuluka nthawi yomweija, malo omwewo, zitayandikana koposa dzulo. Ankasuzumira, kulemba manambala, kulankhula pa wailesi zawo. Si ife tokha tinaimba foni, ayi. Anthu ambiri mumzindamo anaimba. Pamsewu wa Lang'ata maminibasi, amene iwo amati matatu, anaima m'mbali anthu n'kutsika kuloza kumwamba. Mlaliki wina anakwera pa mgolo akufuula kuti awo ndi maso a mngelo. Ndinamva msilikali wina akuuza mnzake kuti helikoputa inapita mpaka kuseri kwa Ngong, koma nyalizo zinali patali chimodzimodzi. Ine ndinkawapangira tiyi.

Kunyumba sindinanene kanthu. Tsiku lachitatu ndinaweruka msanga, ndikunamizira mutu. Ndinapeza agogo anu aakazi kuseri kwa nyumba akuanula zovala, zopanira zili pakamwa. Kumadzulo nyali zija zinali zitayamba kuoneka. Ndinawalozera ndi chibwano.

"Mayi a Tadala, mwaziona izo zavutitsa mzinda wonse?"

Anachotsa zopanira pakamwa. "Ziti? Nyenyezizo?"

"Si nyenyezi. Asilikali akufufuza."

Anaseka mpaka kugwira chingwe cha zovala. "Bambo a Tadala, sukulu yonse ija! Yowala kwambiriyo si Nthanda imeneyo? Abambo anga ku Linthipe ankati ikatopa kudzuka m'mamawa imayamba kutuluka madzulo, ndipo pamenepo ena amati mkazi wa mwezi. Inayo dzina lake sindikulidziwa, koma ndakhala ndikuziona milungu iwiri tsopano ndikamaanula zovala. Zinali motalikirana, tsiku lililonse zikusendererana. Inu mumakhala padenga tsiku ndi tsiku, mumayang'ana chiyani?"

"Ndege," ndinatero.

Ndinakhala pansi pa chitini cha madzi n'kuwauza zonse. Foni, dzina, magalasi, kope, ndi yankho langa lija. Kuseka kunatha. Agogo anuwo mukuwadziwa akakwiya, sakweza mawu, amangopinda zovala mwamphamvu.

"Ndiye bambo aja agona kumeneko dzulo, agonanso lero?"

"Ndikanena zoona atithamangitsa m'dziko muno. Tadala ali pa sukulu."

"Atithamangitse. Basi inatibweretsa ija sinafe. Kwathu kuli munda. Koma ine sindidya ndalama ya ntchito imene mwaisunga pogulitsa munthu. Mawa tikupita limodzi. Mukakana ndipita ndekha, ndikawauze m'Chichewa, akapeze okha womasulira."

M'mawa anaphika zitumbuwa ndi tiyi wa m'fulasiki kuti akapatse Mzee Wafula. Ine ndinanyamula buku langa lalikulu la pa wailesi. Tinakwera matatu awiri mpaka ku kampu ya asilikali. Pageti anatisunga maola awiri pa benchi, dzuwa likutiwotcha, kenako anatilowetsa kwa kaputeni uja.

Ndisanayambe n'komwe, agogo anu analoza kudenga n'kunena m'Chiswahili chawo chothyokathyoka kuti zija ndi nyenyezi. Kaputeni anamwetulira koyamba.

"Mama, mukanabwera Lolemba mukanatipulumutsira mafuta a helikoputa. Ndi Venus ndi Jupiter. Makina athu oona ndege sanaone kanthu, ndiye tinatsegula buku la oyendetsa ndege la kayendedwe ka nyenyezi, tinafunsanso mphunzitsi wina wa ku yunivesite. Zimakumana chonchi nthawi ndi nthawi. Musachite manyazi, ngakhale oyendetsa ndege enieni zimawapusitsa. Ndipo ife tikaitanidwa tiyenera kupita, chifukwa tsiku limene tidzanyozere ndi limene chidzakhale chinthu chenicheni." Kenako anatulutsa kope lija mu dirowa. "Za nyalizo tinathana nazo. Chikusungitsa munthu wanu ndi ichi. Akuti ankalembera ofesi, koma sakutchula amene anamutuma."

Ndinaika buku langa patebulo. Mawu ankatuluka ngati ndikukoka chingwe m'chitsime. "Afande, ndinamutuma ndine. Magalasiwo ndi anga. Foni ndinaimba ndine, iye anati tidikire. Yerekezani manambalawo ndi a m'buku langali."

Anayerekeza tsamba ndi tsamba, chala chikuyenda. Anandifunsa mafunso mpaka masana, za wailesi, za kwathu, za amene ndimalankhula nawo kumpoto. Pomaliza anatseka mabuku onse awiri.

"Bwana Chirwa, ndinakufunsani pageti paja."

"Munandifunsa, afande."

"Munthu wamkulu ngati bambo anga wagona pa simenti kawiri. Ine ndagwira ntchito yanga. Inu?"

Ndinatola buku langa patebulo paja. Za chikalata changa sanazikhudze n'komwe, ndipo chidindo chinabwera mwezi wotsatira popanda vuto. Chinthu chimene ndinkachiopa chija kunalibe.

Mzee Wafula anamutulutsa madzulo omwewo, koma pa geti lina, ndiye sitinakumane. Zitumbuwa zija anadya asilikali a pageti. Tsiku lotsatira kunabwera mlonda wachilendo. Kampani imene inkatibwereka alonda inali itamuchotsa ntchito Mzee, akuti safuna munthu amene wagwidwapo. Mkulu wa ofesi atabwera ndinamuuza zonse, osabisa mbali yanga. Atamva zonsezo anati Mzee amulemba ngati wantchito wa bungwe lenilenilo, osadzeranso ku kampani. Anawonjeza kuti, "Koma kalata yomulembera ntchitoyo mukapereke nokha."

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita ku Kibera. Ndinali ndisanapondeko, zaka zisanu ndikumwa tiyi ndi munthu wa kumeneko. Tinjira topapatiza, malata mbali zonse, kudumpha ngalande, njanji ikudutsa pakati pa misika. Ndinafunsa kwa amayi ogulitsa masamba mpaka ndinapeza chitseko chake. Chipinda chimodzi, chosesedwa bwino, nsalu yotchinga bedi, kalendala ya tchalitchi pakhoma. Mzee anali pampando, akutsokomola chifuwa chimene anachitenga pa simenti paja. Mama Nanjala atandiona anaimirira, n'kutuluka osandipatsa moni. Kwa anthu a kumeneko, monganso kwathu, kumana munthu moni ndi chilango chachikulu.

"Karibu, Bwana Chirwa," anatero Mzee, kundilandira. "Khalani. Ndege ya Lachisanu inatera bwino? Ndinaimva ikudutsa mochedwa."

Ndinagwada pansi, ine ndi suti yanga ya kutchalitchi. Ndinapepesa m'Chiswahili, chitandithera ndinapitiriza m'Chichewa. Anandisiya ndimalize, kenako anandigwira paphewa kuti ndikhale pampando. Ndinamupatsa kalata ija. Anaiwerenga kawiri, naipinda bwinobwino, naiika m'Baibulo.

"Mzee, n'chifukwa chiyani simunanditchule? Mukanatuluka tsiku lomwelo."

"Anandifunsa katatu," anatero. "Ndinaganiza kuti, ine akandimenya ndi kwathu kuno, akatopa andisiya. Uyu ndi mlendo, ali ndi mwana wamng'ono, amukweza basi. Ndinaonanso nkhope yanu pageti paja. Munali ndi mantha, Bwana. Munthu wamantha sumukankha, umamudikira. Ndinkadziwa kuti mubwera." Anatsokomola, n'kuseka pang'ono. "Kungoti ndinkayesa mubwera tsiku loyamba."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero kuposa mbama.

Anabwerera ku ntchito ndipo tinapitiriza kumwa tiyi padenga. Nkhaniyi sanaitchulenso ngakhale kamodzi, mpaka pamene anapuma n'kubwerera kumudzi kwawo, ife tisanabwerere kuno mu 2006. Koma Mama Nanjala anali wina. Ankabwera ku ofesi nthawi zina kudzasiya chakudya cha mwamuna wake. Ankapereka moni kwa dalaivala, kwa wosesa, kwa mkulu wa ofesi, akafika pa ine ankayang'ana khoma. Ndi agogo anu aakazi anakhala mabwenzi a ponda apa nane mpondepo, kuphunzitsana kuphika, kupitira limodzi kumsika. Ine ayi. Ndinadandaula kwa agogo anu, iwo anati, "Mwamuna wake anakukhululukirani msanga kwambiri. Musiyeni mayiyo akusungireni mbali inayo."

Zinatenga zaka zitatu. Mu 2002 Nanjala anakwatiwa, ndipo anatiitana ku ukwati m'holo ya tchalitchi chawo ku Kibera. Nthawi ya chakudya ndinaima pamzere ndi mbale yanga ngati wina aliyense. Nditayandikira ndinaona kuti wogawa nyama ndi Mama Nanjala mwini, atamanga duku lalikulu lachikasu. Ndinafuna kubwerera, koma kumbuyo kunali anthu, ndipo agogo anu anandibaya ndi chala pamsana. Ndinafika, maso pansi, n'kutambasula mbale.

Mayi uja anaima, chipande chili m'mwamba. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu. Kenako anavundula mumphika, nasankha nthuli yaikulu, naiika pa mbale yanga, nawonjeza ina.

"Habari yako, Bwana Chirwa," anatero, kundifunsa kuti ndili bwanji. Ndisanayankhe anapitiriza mokweza, kuti a pamzere onse amve. "Idyani, wamantha inu. Mwina munenepako mtima."

Anthu anaseka osadziwa chimene akuseka. Ine ndinakakhala pakona pa benchi ya ana, misozi ikugwera mu mpunga, ndipo ndinadya zonse, osasiya ngakhale fupa loti galu atole.